Sabata Yopanda A, B, C ndi D

Lolemba

Lero ndiye lero. Sabata ya ufulu yayamba!

Madamu, eni sukulu ino, avomera m'mawa uno ali pakhomo pa ofesi, dzanja limodzi lili pafoni, linalo likufufuza miyala mu mpunga wa faya umene wina wabweretsa kudzaonetsa. Mawu awo ndawasunga ndendende: "Aphunzitsi, tengani sabatayi muchite zanuzo. Loweruka makolo akabwera ku msonkhano n'kukondwera nazo, Lachitatu lililonse masana ndi lanu mpaka kale. Akapanda kukondwera, nkhani ya ufuluyi ndisadzaimvenso, ngakhale pamaliro."

Ndavomera msangamsanga asanasinthe maganizo. Lachitatu masana! Sitandade 8 yonse m'manja mwanga, popanda mapasipepa, mapepala aja a mayeso a boma a zaka zam'mbuyo amene ana athu amawadziwa kuposa mayina a azigogo awo.

Ndidzikumbutse chimene ndinachokera ku sukulu ya boma. Madamu anandiuza kuti kuno ndi kupulayiveti, palibe wotiuza zochita. Zoonadi, zalembedwanso pachikwangwani, pansi pa dzina la sukulu lija lotalika kuposa khonde lake. Chimene chikwangwani sichinena n'chakuti nambala ya senta ya mayeso tilibe. Mayeso akafika, ana athu amaoloka msewu kukalembera ku sukulu ya boma yomwe ija timaiseka kuti ilibe mawindo. Ufulu wathu umathera pa tala.

Pulani yanga:
– Kupita ndi ana ku Chia akaone ndi maso awo.
– Kubwerako ndi dongo.
– Kuumba nyanja yonse ya Chia pabwalo la sukulu: mlatho wa pamsewu waukulu, madimba a mpunga, ngalande yotulukira kunyanja yaikulu.
– Loweruka ana kufotokozera makolo ndi pakamwa pawo.
– Makolo kukhetsa misozi.
– Ine kudzichepetsa.

Ndalengeza m'kalasi. Kenaka dzanja la Asiyatu, amene nambala wani anaikhoma pakhomo pake kuyambira Sitandade 5: "Aphunzitsi, zimenezi zibwera pa mayeso?"

Ndati ayi. Makope onse atsekedwa nthawi imodzi, phu! ngati ndawauza kuti sukulu yapsa.

Masana, ku Chia. Ana obadwira m'mphepete mwa madzi omwewa. Ndikufunsa: mukuona chiyani? Akuyang'anana. Yohane, amene bwato la bambo ake lamangidwa pafupi pomwepo, akukweza dzanja: "Tipatseni zosankha, aphunzitsi." Ndati lero kulibe A, kulibe D. Watsinzina, wayamba kulakatula m'Chingerezi cha mu notsi kuti nyanja ndi madzi ambiri ozunguliridwa ndi mtunda. Phazi lake lili m'madzimo, maso ali chitsinzinire, akusakasaka tsamba m'mutu.

Koma tamvani izi. Nditatopa n'kukhala pansi, aiwala kuti ndilipo. Ayamba kukangana: pakuya ndi pati, ng'ona imaothera dzuwa tsidya liti, n'chifukwa chiyani mphepo ikaomba madzi a m'ngalande amaoneka ngati akubwerera. Mkangano weniweni, wa manja m'mwamba! Izi n'zimene ndinakaphunzira ku koleji. Ndinayamba kuganiza kuti anatinamiza.

Tabwerako ndi ndowa zodzaza dongo. Thalauza langa silidzakhalanso momwe linalili.

Lachiwiri

M'mawa. Tajambula malire a nyanja ndi ndodo, pansi pa mtengo wa mango. Tikukumba, tikumata. Asiyatu watenga mlatho kukhala wake, akuumanga ndi bango, ndipo wakana kuti wina augwire. Yohane akuumba timunthu togulitsa chambo, tonyamula nsomba m'mwamba kuimitsa magalimoto. Waumbanso minibasi yokhala ndi nsomba zolendewera pagalasi. Palibe wandifunsa za mayeso kuyambira belu loyamba. Ndikuopa kupuma mwamphamvu.

Isanakwane buleki, kwatulukira njinga yamoto yochokera ku Salima. Mwini wake wavala jekete lachikopa padzuwa lonseli, kumbuyo wamanga katoni. Mapepala. Akuti si mapasipepa wamba ayi, awa "ali ndi fungo la chaka chino". Madamu anunkhizadi! Ndaona ndi maso anga.

Katoni yatsala, njinga yapita.

Madamu: "Sabata ndi yanu ndithu, aphunzitsi, sindinasinthe. Ine ndangobwerekako m'mawa wokha."

Basi sabata yanga yadulidwa pakati ngati chinangwa.

Ana asamba m'manja, alowa m'kalasi, ndikugawa mapepala onunkhirawo. Mafunso ake ndi omwe aja a chaka chatha, angosuntha yankho kuchoka pa B kupita pa C. Fungo lake ndiye limenelo.

Zimene taphunzira m'mawa uno:
– Ukakayika, sankha yankho lalitali.
– Mayankho atatu otsatizana sangakhale C onse.
– Ngati ali C onse, vuto ndi iweyo.

Masana tabwerera ku dongo, koma dzuwa latitsogolera. Madimba a mpunga ang'ambika. Tawathira madzi, tawapepesa.

Pulani ikadalipo. Yangoonda.

Lachitatu

Tsiku limene ndikulimenyera nkhondo. Ndavala malaya oyera kulilemekeza.

Kwabwera wopenta. Mvula yafufuta mayina a pakhoma loyang'ana kumsewu, mayina a ana athu amene anasankhidwa kupita ku sekondale za boma chaka chatha. Khoma limeneli ndilo mphunzitsi wamkulu weniweni wa sukulu ino. Anthu a m'minibasi amaliwerenga akudikira kuti kondakitala amalize kukangana, ndipo mwezi wotsatira amabweretsa ana. Khoma lathu silidziwa mwana wolephera. Amene akukayikitsa timawasunga mu Sitandade 7 mpaka atayamba kumera ndevu, n'cholinga choti khoma lisamve chisoni.

Wopenta akufuna:
– ndowa zathu zonse,
– wogwira makwerero,
– wowerenga mayina mokweza,
– mthunzi wa mango, pomwe pali ngalande yathu yotulukira kunyanja.

Wapatsidwa zonse. Kumunsi kwa khoma Madamu amuuza kuti asiye malo aakulu oyera a mayina a chaka chino. Kenaka aitana Sitandade 8 yonse, aiimika pamzere kuyang'ana malo opanda kanthuwo. "Mukupaona apa? Pakudikira inu." Ana ayang'ana laimu mwakachetechete ngati anthu oyang'ana manda okumbiratu.

Titatha kupembedza khoma, tabwerera ku nyanja yathu yopanda ndowa. Tikutunga madzi ndi mabotolo a thobwa. Chia wauma ngati chaka cha chilala. Yohane akuti tingonena kuti ndi Okutobala.

Uthenga wafika kudzera mwa Madamu, wochokera kwa bambo Rajabu, bambo ake a Asiyatu, ogulitsa nsomba zouma pamsika. Dzulo mwana anafika kunyumba yunifolomu ili mbuu. Akuti: "Ine mwana ndinamutumiza kusukulu kuti achoke m'matope. Aphunzitsi a koleji amubwezeranso m'matope momwemo, ndiye ndinene kuti zikomo?"

Ndakonza yankho labwino kwambiri m'mutu, lokhala ndi mfundo zitatu ndi dzina la mzungu wina wa m'buku la ku koleji. Ndaliyeserera pamaso pa mbuzi ya Madamu. Kenaka ndakumbukira manja a bambo Rajabu, ong'ambika ndi mchere ndi utsi, ndipo mfundo zanga zitatu zija zakhala pansi zokha.

Komabe Loweruka adzaona mlatho. Munthu sangaone mlatho umene uja n'kukhala chimodzimodzi.

Lachinayi

Chipwirikiti! Kwamveka njinga yamoto ina, iyi ndi ya boma. Mlangizi woyendera sukulu za dera lino, amene tonse timangowatcha a PEA.

Madamu atuluka mu ofesi nsapato imodzi ili kumanja. "Bisani matopewo! Akatitsekera sukulu mudzadya dongo lanulo!" Sukulu yosauzidwa zochita ndi munthu yathamanga uku ndi uku ngati nkhuku zaona kabawi. Tafunditsa nyanja yonse ya Chia ndi matumba a mpunga. Ana alowa m'kalasi, atsegula mapasipepa, nkhope zili ngati za kwaya.

A PEA aimika njinga pansi pa mango. Apereka moni. Ayang'ana matumba. Atukula limodzi ndi nsonga ya nsapato.

Ndatsanzika ntchito mumtima.

Agwada! Bambo wamkulu, thalauza losita, wagwada pafumbi! Achotsa thumba lina, ndi lina. "Uwu si mlatho wa pa Chia uwu? Awa si anyamata a chambo aja?" Aitana ana, awafunsa, ana ayankha opanda zosankha. Ajambula ndi foni, kumanja, kumanzere, chithunzi china ali pakati pa ana akuseka.

Ndiye mawu amene andipha ndi awa: "Amayi, izi ndi zimene silabasi ya boma imafuna! Takhala tikuwauza aphunzitsi athu zaka ndi zaka. Ndidzabwera nawo a tsidya la msewuwa adzaonere pano."

Ine kumwetulira mpaka m'makutu. Madamu kumwetulira ndi mano okha.

Chimene anabwerera n'chakuti mayeso oyeserera a zoni, amene timati moko, ayandikira. "Inu apulayiveti sitikukakamizani," atero a PEA, "ndinu omasuka kulemba kapena ayi." Madamu ayankha kuti tilemba, ndiponso tiyamba talemba moko yathuyathu yokonzekera mokoyo. Ufulu tapatsidwa m'manja, taubweza usanafunde.

Njinga itangozimiririka, ndaitanidwa ku ofesi. Ndalowa ndikuyembekeza kapu ya tiyi.

"Ndiye sabata yonseyi mwakhala mukuwaphunzitsa ana anga za boma?"

Ndayesa kufotokoza kuti mayeso nawonso ndi a boma, mapasipepa ndi a boma, sekondale za pakhoma zija ndi za boma.

"Zimenezo ndi zina. Makolo akamva kuti zomwe tikuchita pano a boma akuzikonda, adzawaolotseranji ana msewu? Tsidya lija dongo ndi laulere."

Ndinaganiza kuti mdani wanga amayenda pa njinga ya boma. Ayi ndithu. Munthu yekhayo amene wayamikira ntchito yanga ndi yemweyo, ndipo wandimaliza ndi chiyamikocho.

Tiyi sanabwere.

Lachisanu

Moko yokonzekera moko.

Madamu akufuna zonse zifanane ndi tsiku lenileni: madesiki panja, otalikirana, munthu asaone pepala la mnzake. Bwalo lathu ndi limodzi. Mthunzi ndi umodzi.

Zowonongeka:
– Mwendo wa desiki walowa pakati pa nyanja, pomwe ana anagwirizana kuti ndi pakuya. Tsopano ndi pakuyadi.
– Madimba a mpunga a kumwera apondedwa ndi aphunzitsi a Sitandade 6, amene apepesa kwa nsapato yawo.
– Ogulitsa chambo awiri aduka mitu.
– Minibasi yasowa. Ndikukayikira Sitandade 1.
– Mbuzi yadya mbali ina ya mlatho. Inamva mfundo zanga zitatu zija, yasankha mbali yake.

Ndikuyendayenda pakati pa madesiki, manja kumbuyo, ndikulondera ana kuti asayang'ane kumbali. Ine yemwe Lolemba ndimawapempha kuti ayang'ane paliponse.

Dzuwa lisanafike pamutu theka la kalasi lanyamuka kupita ku mzikiti, monga Lachisanu lililonse. Otsala amwazikana. Ndatsala ndekha ndi mulu wa mapepala ochonga ndi nyanja yooneka ngati mwadutsa ng'ombe.

Ndikuchonga. C. C. B. Cholembera chofiira chikutha.

Chakumadzulo ndamva kuswaswata kuseri kwa mango. Ndimayesa mbuzi yabwerera kudzamaliza, ndatola mwala. Ndi Asiyatu, wavala mpango wake woyera wa Lachisanu, wakwinya manja a diresi, ali ndi bango latsopano m'khwapa. Palibe wamutuma.

Ndati, iwe, bambo ako adzandipachika.

Sanadzutse mutu. "Sizibwera pa mayeso, ndikudziwa. Koma mlathowu wapendekeka."

Tamata mpaka manja kuchita dzanzi. Yohane watulukira ndi anzake, aumba mitu yatsopano, yaikulu kuposa matupi. Akuti ogulitsa chambo ndi anthu oganiza kwambiri.

Nyanja taifunditsanso ndi matumba. Mawa ndi mawa. Ndachapa malaya oyera aja.

Loweruka

Makolo afika ambiri kuposa mabenchi. Bambo Rajabu akhala kutsogolo. Mayi Banda, amayi ake a Yohane, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwathu, ali pambali pawo. A Phiri, a mpingo wa Sabata, sangachite nawo msonkhano pa tsiku lopatulika, choncho aima kunja kwa mpanda, Baibulo m'khwapa. Akuti akungodutsa. Akhala akungodutsa kuyambira pemphero lotsegulira.

Tachotsa matumba.

Ambuye! Anthu aimirira okha. Azibambo anjuta mozungulira nyanja, akuloza: apa ndi pamene tinamira ndi bwato chaka chija, apa ndi dimba la apongozi anga. Asiyatu akufotokoza za ngalande, mawu osanjenjemera, opanda notsi. Bambo Rajabu akhudza mlatho ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, ngati akukhudza khanda. Ndawamva akunong'oneza munthu wa pambali: "Wanga ameneyo." A Phiri asuzumira pamwamba pa mpanda mpaka chipewa chagwera mkati.

Ndayamba kukonza nkhope yodzichepetsa.

Mayi Banda: "Zokongola kwambiri, aphunzitsi, Mulungu akudalitseni. Nanga zibwera pa mayeso?"

Ndisanatsegule pakamwa, Madamu, mokoma ngati uchi: "Sizibwera. Koma a boma anazikonda kwabasi. Akuti ndi zomwe amaphunzitsa tsidya lija."

Bambo Rajabu abweza chala chawo, achipukuta pa mkanjo.

Kenaka mawu ochokera kumbuyo, sindinaone mwini wake: "Ngati aphunzitsi ali ndi nthawi youmba zidole, ndiye kuti nthawi ilipo."

Nthawi ilipo! Mawuwo ayenda pamabenchi ngati moto wa m'dambo louma. Nthawi ilipo, ndipo ikungotayika! Agwirizana pomwepo kuti ana aonjezeredwe mayeso ena sabata iliyonse. Funso n'lakuti tsiku liti.

Wina: Lachisanu masana.
Bambo Rajabu: "Ijumaa? Astaghafiru! Yesani kwina."
Wina: Loweruka.
A Phiri, amene sali pamsonkhano: "Loweruka ayi!"
Wina: Lamulungu, tikatuluka m'mapemphero.
Mayi Banda: "Dzina lake lomwelo simukulimva?"

Mkangano wakula. Anthu akutchula mabuku oyera, wina waimirira pabenchi. Ndikupempherera kusagwirizana kwa zipembedzo, Ambuye andikhululukire. Akalephera kupeza tsiku, mwina Lachitatu langa lipulumukira m'fumbi lomweli.

Madamu aomba m'manja kamodzi.

"Abale, tikukanganiranji? Ife ndife apulayiveti. Palibe wotiuza zochita. Tilemba masiku onse atatu. Mwana aliyense ajombe tsiku lake lopembedza, abwere masiku awiri enawo."

M'manja! Nthungululu! Bambo Rajabu agwirana chanza ndi mayi Banda. A Phiri adutsitsa dzanja pampanda, alibwezanso atakumbukira tsiku. Chigwirizano chotere sindinachionepo ngakhale pa chitukuko cha mjigo.

Nanga Lachitatu masana? "Lobwereza zimene ana alakwitsa m'masiku atatuwo," atero Madamu. "Ndi lanu ndithu, aphunzitsi, monga ndinalonjeza."

Ndakweza dzanja. Ndafunsa mwaulemu kuti ana ajomba tsiku limodzilimodzi, nanga woyang'anira mayesowo, amene amaimba besi mu kwaya, ajomba liti?

Mayi Banda, amene amaima patsogolo panga Lamulungu lililonse: "Inu ndi ophunzira, aphunzitsi. Mukhoza kupemphera chamumtima."

Msonkhano watsekedwa ndi mapemphero awiri, ndi ameni mmodzi wochokera kunja kwa mpanda.

Lamulungu

Belu la kutchalitchi lalira kachiwiri. Ndikulimva bwino, mawindo athu ndi abwino, si ngati a boma.

Ndili m'kalasi ndi ana a mzikiti ndi ana a Sabata. Mapepala onunkhira a ku Salima ali pamadesiki. Kutali kwaya yayamba nyimbo yolowera, ndipo besi yake ikumveka yoonda. Ndikuiyika chamumtima, monga ndinalangizidwa.

Zimene ndapindula sabata ino:
– Lachisanu masana.
– Loweruka.
– Lamulungu.
– Lachitatu, lija ndinkalifuna.

Ndani anganene kuti sindinapatsidwe?

Malaya oyera ndawabweza m'sutikesi. Nkhani ya ufulu sindidzaitchulanso, ngakhale pamaliro. Makolowa sindikuwada ayi. Khomo lolowera ku sekondale ndi limodzi, ndipo silimangidwa ndi bango. Boma linaika mayeso kamodzi pachaka. Enawa tadziikira tokha, mwa ufulu wathu.

Mvula yagwa m'bandakucha, yamphamvu, ya kumapeto kwa dzinja. Matumba palibe anawabwezera. Nyanja yathu yadzaza madzi enieni mpaka m'milomo. Sindikuyang'anako.

Zolembera zikuyenda. Tsee, tsee. Mmodzi akuwerenga zala. Asiyatu wakhala pafupi ndi windo, cholembera chaima, khosi latembenuka.

"Aphunzitsi," akunong'ona, "madzi akudutsa pansi pa mlatho."

Mitu yonse yadzuka.

Ndipo ine, wa ku koleji, mtsogoleri wa sabata ya ufulu, ndamva pakamwa panga pakunena bwinobwino, mosakakamizidwa ndi munthu: "Sizibwera pa mayeso. Maso papepala."

Mitu yawerama.

Kenaka ndapita kukaima pawindopo, kuwatchingira kuti asasokonezekenso.

Akudutsadi.